Mng'alu pa Khoma la Sitolo ya Bambo

Limbe
9 Novembala 2008

Okondedwa achemwali anga a Fadila,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi miyendo ija ikutupabe? Ine thupi lili bwino, Alhamdulillah, koma mtima sunakhazikike. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni timangodukizana tisanamvane.

Uthenga wanu ndinaumva, wakuti achimwene a Amiri agwirizana ndi ogulitsa feteleza wa makuponi kuti sitolo ya malemu bambo pa Chamama ikhale depoti yawo. Munati akufuna kugwetsa khonde ndi khoma lakumaso, aikepo chitseko chachikulu kuti lole izifika pakhomo penipeni. Zoti sitoloyo igwire ntchito ina sindikukana. Yakhala chitsekere zaka zitatu, mukungogona mileme. Koma pakhoma limenelo ndi pomwe bambo analemba dzina lawo ndi chala pasimenti yaiwisi kuti Rajab 1968, ndipo pakhonde pake alimi ankadikirirapo lole ndi mabelo awo a fodya ife tisanabadwe. Poyamba ndinkafuna kungolemba kuti asalikhudze, basi. Zimene zachitika kuno zandisokoneza.

Chiyambire Ogasiti ine ndi amisiri anzanga takhala tikusandutsa sitolo yakale ya amwenye kuti ikhale maofesi. Lamulo linali lakuti zam'kati zonse zichoke, koma kumaso kukhale monga kunalili kale. Tinasasula denga, tinagwetsa zipinda, khoma lakumaso n'kutsala lokhalokha, litachirikizidwa ndi zitsulo. Ndikugwira ntchito ndinaona mng'alu pamwamba pa zenera. Nditawaonetsa akapitawo athu a Mphepo, anaseka, nati khomalo laona mvula zambiri kuposa ine, ndingomatapo ndi kupaka laimu. Achemwali, ndinamata. Ndinkadziwa kuti sizili bwino, koma ndinaopa kukangana ndi wondilemba ntchito.

Lachiwiri lapitali kunagwa mvula yamphepo. Lachitatu m'mawa mnzanga Samsoni, wa ku Mtunthama uja timagona nyumba imodzi, ankasakaniza mchenga m'munsi mwa khomalo. Njerwa zapamwamba zinakoloka n'kumugwera. Wathyoka phewa ndi mwendo. Adokotala akuti adzayenda, koma za umisiri sakulonjeza. Mkazi wake Modester anafika dzana ndi mwana kumsana. Tili panja pa wodi anandifunsa ngati panalibe mmisiri ngakhale mmodzi amene anaona kuti khoma lang'aluka. Ndinalephera kumuyang'ana kumaso, ndipo mpaka lero sindinamuuze zoona.

Ntchito yaima. Mwini nyumba akuti tingogwetsa zonse, akuluakulu oona za nyumba zakale akukana. Ife tikungofika m'mawa, kukhala pamulu wa njerwa, kenako kubwerera.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti khoma lathu nalonso lili ndi mng'alu. Ndinauona pa Idi, kuchokera pangodya ya chitseko kukwera chakudzina la bambo. Ndipo amayi amakhala pamenepo tsiku lonse ndi lichero lawo la mtedza.

Pempho langa ndi ili: ntchito ya pasitolo idikire mpaka ndibwere kumapeto kwa mwezi. Ndikudziwa achimwene anena kuti makuponi ayamba kale kugawidwa ndipo eni feteleza sadikira munthu, koma kuthamanga si kufika. Muwauze kuti pasakhale wosasula lata ngakhale limodzi, chifukwa denga ndilo lagwira khomalo. Chitseko cha lole chingathe kubooledwa kumbali yoyang'ana kuchigayo, kumaso osakukhudza.

Podikirapo, mutenge simenti yodzaza dzanja, muikande, muimate mopingasa pamng'alupo malo awiri. Lachisanu lililonse muzikayang'ana. Ikakhala yosasweka, ndiye kuti khoma laima chilili. Ndidzalimanga ndi zitsulo kum'kati, ndipo odzagula feteleza adzaima pakhonde la bambo monga kale. Ikasweka, ndiye kuti khoma likuyenda. Pamenepo ndidzadula chidutswa chili ndi dzina chija n'kuchisunga, zotsalazo ndidzagwetsa ndi manja angawa. Izi amayi musawauze kaye.

Mkeka wawo wokha ndiwo usadikire Lachisanu. Muusamutsire patsinde pa mango tsiku lomwe kalatayi yafika. Akana, ndikuwadziwa. Adzati pakhonde paja ndi pomwe amamva ngati bambo angolowa m'kati kukayeza mchere. Muwalole akwiye, munene kuti ndine ndalamula. Ndinakhala chete kamodzi, ndipo Samsoni ali chigonere.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa achimwene ndi akazi awo, kwa alamu, kwa amalume ku Wimbe, ndi kwa ana onse. Popemphera, pa duwa yanu, muzimukumbukira Samsoni ngakhale si wa mzikiti wathu.

Ndine mlongo wanu,
Jafar