Masekondi Naini a Ababa

Ramadani 8, Lamulungu

Kope latsopano, la chikuto chobiriwira. Si la sukulu. Ndi langa ine Rawan, ndipo wolitsegula Mulungu amuone.

Nkhani yaikulu. A Fikriya, aphunzitsi athu a Chiarabu, andisankha kuti ndizilankhula pa wailesi ya sukulu Lachinayi lililonse, tikafola m'mawa. Mphindi zitatu. Ine, amene munthu akandifunsa dzina ndimayankha ndikuyang'ana nsapato. Awerenga zimene ndinalemba zokhudza sewero la pa TV la mwezi uno, Mphete Yachitatu. Akuti, "Pakamwa ulibe kanthu mwana iwe, koma cholembera chako chili ndi mano."

Mawu amenewo ndawabwereza kasanu m'bafa.

Chondidetsa nkhawa: chimkuzamawu cha sukulu chinaloza kumsewu, ndipo tsidya la msewuwo ndi shopu ya Ababa yositira zovala. Amamva zonse. Nyimbo ya fuko amaimba nafe, simbi ili m'manja.

Ramadani 10, Lachiwiri

Ludzu. Mayeso a masamu. Titamasula kusala, tonse pa TV, pamodzi ndi a Ummu Ragab a nyumba ya pamwamba, amene TV yawo akuti inafa, chaka chachitatu chino. Ine kope pamiyendo.

Zomwe ndaona. Mayi wosauka wa m'seweroli amadzuka m'mawa milomo ili yopaka kale. Akuti alibe ya buledi, koma khitchini yake nyumba yathu yonse ingalowemo. Mwamuna wake akakwiya amaswa galasi lodziyang'anira. Lero waswa lachinayi. Amawagula ndani magalasiwa?

Ndinafunsa mokweza. Amayi: "Iwe, tseka pakamwa, anzako tikulira."

Ramadani 12, Lachinayi

Ndawerenga. Chiganizo choyamba ngakhale ine mwini sindinachimve. Koma nditafika pa magalasi paja atsikana onse anafa nacho chiseko, mpaka a hedi anabisa nkhope mumpango. Pomaliza ndinati, wounika sewero weniweni saopa munthu. Ndinanenadi zimenezo. Pa maiki.

Poweruka ndinapeza Ababa akuuza kasitomala, "Mwamumva? Wanga ameneyo. Lilime anatengera amake, nzeru ine."

Ndiye madzulo, tili pakati pa kudya, anaika supuni pansi. "Gawo 17 ndilimo. Ndipo ndikulankhula."

Zaka khumi ndi ziwiri Ababa akhala akupita ku katiyirumu ka kutauni kumene opanga mafilimu amakatola anthu ongodzaza kumbuyo. Akhalapo wodutsa mumsewu, wolira maliro, msana wa munthu m'basi. Kawiri tinaitana anthu kudzaonera, kawiri konse tinapeza awadula. Nchifukwa chake ulendo uno anabisa mpaka atatsimikiza. Ndi msilikali wa kukhoti, wofuula uja woweruza akamalowa. Liwu limodzi: "Khoti!"

M'sewero lomwe ndalinyoza m'mawa uno msewu wonse ukumva.

Ramadani 15, Lamulungu

Gawolo anajambula kale mu Januwale koma Ababa akuyesererabe. M'shopu, pa masitepe, m'bafa. Dzulo anafuula a Ummu Ragab akutsika ndi mbale ya nyemba. Nyemba mpaka pakhomo pathu.

Amayi aoda konafa, makeke otsekemera a pa Ramadani, thireyi yathunthu. Aitana nyumba yonse, ndi azakhali a ku Shubra omwe.

A Fikriya akuti ndipitirize sewero lomweli, anthu akudikira.

Lero ntchafu ya nkhuku, imene imakhala ya Ababa, yapezeka m'mbale mwanga. Amayi angondiyang'ana nthawi yaitali. Ichi ndi chiphuphu. Ndadya.

Ramadani 17, Lachiwiri

Anthu 23 pabalaza. Ena pa mkeka, ena m'zenera. Ababa pakati, atameta.

Ndilembe mwadongosolo ngati wounika.

Malo: khoti. Mwana wa mayi wosauka uja akudikira kumva ngati anyongedwa. Kumbuyo nyimbo ya zeze ikulira. Onse misozi. Chitseko chikutseguka, akulowa Ababa, yunifomu yosita bwino kuposa ya munthu aliyense m'seweroli. Akufuula. Afuula mpaka mayi uja anadzidzimuka zenizeni, koyamba m'magawo 17 kuti nkhope yake ichite chinthu choona. Kenako Ababa atembenuka, ayang'ana kamera, amwetulira. Dzino lagolide kuwala. Pamlandu wa imfa. Woweruza akudutsa, Ababa atambasula dzanja, amuwongolera lamba wake wa pachifuwa chifukwa anapindika.

Masekondi naini. Ndawerengera pa foni ya azakhali, taonera kakhumi.

Nthungululu. A Ummu Ragab analira kuposa mmene amalirira mayi uja. Pakati pa phokoso lonselo Ababa anayang'ana ine ndekha. "Nanga a wailesi, mwaona bwanji?"

Ndinati konafa yakoma.

Ramadani 18, Lachitatu

Mapepala asanu ndi limodzi ndang'amba.

Ndikawayamikira ndanama, ndipo sukulu yonse yaonera. Nourhan wa kumbuyo kwanga lero: "Mawa tikumva, eti, wosaopa munthu?" Ndikanena zoona, Ababa amva ali pakati pa makasitomala. Munthu amene amadzuka kusanache kundisitira yunifomu.

Ndapeza nzeru. Sindiwatchula. Ndilankhula za nyimbo za m'seweroli. Palibe wonamizidwa, palibe wovulala. Ndagona mtima uli m'malo.

Ramadani 19, Lachinayi

Mphindi zitatu za zeze. Kuti amalira kwambiri, kuti amatiuza nthawi yolira ngati ndife ana. Mfundo zabwino ndithu. Palibe anaseka. Wina anayasamula pafupi ndi maiki.

Ukaima pa nsanja umaona kuseri kwa mpanda. Sindinadziwe kuti Ababa atulutsa mipando. Isanu ndi itatu, pakhonde la shopu. Anzawo a kutiyirumu kuja abwera kuchokera kutauni m'mawa chonchija, ali pa kusala. Ababa pakati, mkanjo woyera wa Lachisanu.

Nditanena kuti zikomo pomvetsera, anakhalabe, mutu utapendeka, ngati akudikira kuti pali zina. Kenako anadzuka. Anayamba kulowetsa mipando, umodzi umodzi.

Ramadani 22, Lamulungu

Masiku atatu, mawu a Ababa kwa ine ndi awa okha: "Patse mchere." "Tseka zenera." Basi. Kufuula kuja kwatha, nyumba yangoti zii. Yunifomu yanga akusitabe, bwino kuposa kale. Bola akanaiwotcha.

Lero tikukulunga mpunga m'masamba a kabichi ndinauza Amayi kuti ndinachita kuwateteza. Amayi sanakweze n'komwe mutu.

"Kuwateteza? Nzeru zonsezo, mutu ngati chivwende. A mafilimu anawadula kawiri, anangoseka. Kachitatu wawadula ndi mwana wawo."

Ndinati ndikanalankhula ndikananena zoipa.

"Ndiye? Mnzawo Girgis nyuzipepala inamulemba kuti ndi wosewera woipitsitsa wa chaka chimenecho. Pepalalo lili mufelemu, pamwamba pa chithunzi cha ukwati. Zaka khumi ndi ziwiri abambo ako akumusirira."

Kabichi wanga onse anamasuka mumphika.

Ramadani 25, Lachitatu

Ndalemba kamodzi kokha, osafufuta. Dzanja limathamanga lokha. Ndikuopa kuti ndi chinthu chabwino kwambiri chimene ndalembapo.

A Fikriya anawerenga ali chiimire. Anavula magalasi.

"Abambo ako akudziwa?"

Ayi.

"Uli ndi kwina kogona?"

Ndinati azakhali ku Shubra.

"Chabwino. Usachotse liwu."

Mwina Amayi alakwitsa. Kusirira pepala la mnzako ndi kwina, kumva mwana wako akukunyoza pa chimkuzamawu ndi kwina. Ndikataya zonse, bambo ndi wailesi yomwe?

Ramadani 26, Lachinayi

Mipando kunalibe. Chitseko cha shopu chotsegula theka, nthunzi ikutuluka. Sindinadziwe ngati akumva.

Ndinayamba ndi dzina lonse. "Lero tiunika ntchito ya a Shehata Abdel-Sattar, amene anasewera msilikali wa kukhoti m'gawo 17." Ndinati anapatsidwa liwu limodzi, analifuula ngati nyumba ikupsa. Ndinati msilikali amene amamwetulira mnyamata akukanyongedwa ayenera kuzengedwa mlandu iye. Kuti kamera si mlamu wako woti uzimupatsa moni. Kuti pogwira lamba wa woweruza anatikumbutsa tonse kuti uyu si msilikali, ndi wosita wa mumsewu muno, ndipo sewero linafera pomwepo. Kuti komabe m'magawo 25 ndi masekondi naini okhawa amene palibe anadzuka kukatenga madzi.

Atsikana anaseka mpaka a hedi analiza wezulo. Ine pepala ndinali nditalifinya m'manja, lonyowa ndi thukuta, ngati kampira.

Nthunzi ija inali itasiya.

Poweruka ndinafuna kuzungulira njira ya kumsika. Miyendo inakana. Ababa ndinawapeza okha m'shopu, akusita malaya. Sanandiyang'ane.

"Kufuulako, chabwino. Kumwetulirako, wanena zoona, ndinaona amako m'maganizo. Koma pa lamba walakwa, a wailesi. Lamba uja anapindika. Woweruza sangaphe munthu atavala chopindika."

Ndinati wosewera ayenera kuiwala ntchito yake yakunyumba.

"Ndipo sanali naini. Teni. Sunawerengere chitseko."

Tinakangana mpaka malaya ananunkha kupsa. Koyamba sabata yonse. Ine ndikulira, iwo akuloza ndi simbi.

Kenako anatambasula dzanja. "Bweretsa."

Ndinawapatsa kampira kaja. Anakatambasula pathebulo pang'onopang'ono, anayala kansalu pamwamba, anadikira simbi izizire pang'ono, anasita. Mbali zonse ziwiri. Anakweza pepala kuwala, anawerenga dzina lawo milomo ikuyenda.

"Girgis anamupatsa mizere iwiri," anatero. "Mizere iwiri yokha."

Panopa ali kushopu, atulutsanso mipando. Akuti ndikawerengenso titamasula, anzawo aja akubwera, ndipo pa mlamu paja ndikweze mawu chifukwa Girgis khutu lina silimva. Za lamba ndakana kusintha. Akuti tiona. Akundiitana, kachitatu tsopano, ndi liwu lakukhoti lija