Tsamba Lomaliza la Kabakha

Lolemba, 3 Malichi

Atipatsa tsiku: Lachiwiri la sabata yamawa. Dokotala wake kamwana, ndevu sizinamere n'komwe, koma ndiye akang'ambe chifuwa cha mwana wanga kuti atseke kabowo kamumtima. "Musadandaule mayi, timachita kawirikawiri." Inenso ndimajambula kawirikawiri, koma dengu langa ndi lodzaza mapepala olakwika.

Lachiwiri, 4 Malichi

Akonzi alamula buku. Mwana wangayu ndimamutcha choncho, ndipo dzinali limamuyenera: zaka zisanu ndi chimodzi, koma buku langa lililonse limayamba ladutsa m'manja mwake, ndipo chifundo alibe. "Amayi, mulembe la kabakha kopita ku opaleshoni." Ndavomera msanga ngati munthu wolimba mtima.

Ndapinda mapepala, ndasoka pakati. Chiyambire ntchitoyi ndimayamba ndi tsamba lomaliza, kuti ndidziwe kumene ndikumutengera mwana. Choopsa ndimachiika kumanja, mwana n'kutsegula yekha, kuseri n'kupezako mpumulo. Lero pensulo yakana. Ndakhala nayo mpaka tiyi wazizira.

Lachinayi, 6 Malichi

Achemwali, eni madigiri awiri, abwera ndi malalanje komanso nzeru. "Ukanamaliza yunivesite bwenzi tikukamba za chipatala chakunja, osati timabuku ta abakha." Ndawauza kuti madigiri awowo sanagonekepo mwana ndi tsiku limodzi lomwe. Mwana alibe. Malalanje asenda okha, adyetsa wangayu, apita osatsanzika.

Loweruka, 8 Malichi

Masamba ena onse atha. Kabakha pasikelo. Namwino ndi kakowa, khosi lalitali. Kabakha pansi pa chinyali chachikulu, maso akutsinzina. Kuseri kwake mbee.

Ndikakajambula katadzuka, ndikhala ngati ndikulamula Mulungu, ndipo ndikuopa kumuputa. Zikapanda kutero, ndiye kuti chomaliza chimene ndinamupatsa mwana wanga ndi bodza la utoto. Osindikiza anandipanikizapo kangati kuti galu wofa wa m'buku langa lina ndimudzutse, ine ndinakana. Ana sindiwanamiza.

Milomo ya mwana wanga yadanso lero, pongokwera masitepe.

Lamulungu, 9 Malichi

Chakudya sichikulowa. Ndikungoyang'ana kachifuwa kakukwera n'kutsika.

Lolemba, 10 Malichi

Atigoneka. Wodi ikununkha mankhwala okolopera. Mayi wa pabedi loyandikana akuti wake anadzuka bwinobwino chaka chatha, abwerera zina. Ndimafuna kumufunsa za amene sanadzuke, ndaugwira mtima.

Akonzi awerenga buku lawo, chala chikutsata mawu. Kakowa wawaseketsa. Afika pachinyali, anyambita chala monga ndimawaletsera, atsegula. Pepala loyera.

"Kamwalira?"

Kufunsa kwake ngati akupempha mchere. Ndati ayi, utoto unatha.

"Bodza. Ulesi basi."

Ndathawira kubafa, ndatsegula mpopi kuti asandimve.

Lachiwiri, 11 Malichi

Akumukankha pakabedi ka mateyala, kachipewa kakumutsikira m'maso, wandikoka malaya. "Ndikadzuka ndilipeze." Chitseko chatsekeka.

Ndakhala pabenchi, buku likutsetsereka pamaondo. Mzere uliwonse ukuthawa. Achemwali afika, sindinawaitane. Sananene za yunivesite. Agwada pasimenti ndi suti yawo yakuofesi, agwira bukulo mbali zonse ziwiri.

"Jambula iwe. Ndi zokhazo zimene umatha."

Ndajambula. Kabakha kaimirira, pachifuwa kachipsera ngati zipi, kakukalipira kakowa kuti kali ndi njala. Sindikudziwa ngati ndajambula zoona. Anamwino akudutsa, palibe akutiyang'ana. Chitseko chija chikadali chotseka.

Lachitatu, 12 Malichi

Machubu m'mphuno, machubu m'manja, nkhope yotupa. Kamwana kopanda ndevu kaja kati kabowo katsekeka. Ndakagwira dzanja.

Watsegula maso chakumasana. Sanafunse madzi, sanafunse ine. Waloza chikwama. Ndamugwirira buku, watsegula yekha tsamba lomaliza ndi kachala kokhala ndi waya. Wayang'ana nthawi yaitali.

"Miyendo yakhota," wanong'ona. "Mubwereze."

Achemwali akusongola pensulo.