Tsiku Limene Mayi Pennock Analira

Gulu: sewero la Mayi Pennock
Alimo: Rufus, Glenys, Alun

Lachitatu, 5 Malichi

09:14 Glenys: rufus, za dzulo zija pepa. zaka 12 ndikusewera mayi pennock sindinakutayitsepo nthawi ya studio chonchi

09:15 Glenys: maiki inali yoyatsa pamene ndinkalira muja eti?

09:31 Rufus: aaa mayi anga osadandaula. wazisudzo aliyense limamupeza tsiku lotere

09:32 Glenys: ndafunsa za maiki

09:33 Rufus: inali yoyatsa koma ndafufuta kale zonse. ndikulumbira ngati mlembi wanu, ngati director wanu, ngati mwana wanu kkk

09:35 Glenys: chinali chimfine chabe. chinanditseka pakhosi

09:50 Alun: chimfine chimenechi chavutadi chaka chino. wadzuka bwanji nkhalamba iwe?

09:51 Glenys: nkhalamba ndi iweyo. zikomo pondiperekeza kunyumba. koma galimoto yakoyo uitsuke, ikununkha nsomba ndi tchipisi

09:53 Alun: mu sewero bambo tapp amaperekeza mayi pennock kulikonse, si ndiyo ntchito yanga? kunyamula ambulera, kenako kukomoka chilombo chikatulukira

09:54 Glenys: ndipo palibe amakomoka bwino ngati iwe mu bristol muno

Lolemba, 24 Malichi

11:02 Rufus: script ya gawo lomaliza ndatumiza pa email. khalidwe la mayi pennock ndalisinthako pang'ono, muwerenge mtima uli m'malo

13:40 Glenys: ndawerenga. chimenechi nchiyani?

13:41 Rufus: mwaikonda?

13:44 Glenys: kachilombo kochokera ku nyenyezi kamulowa pakhosi, mawu ayamba kunjenjemera, kapu ya tiyi ikumupulumuka m'manja. kenako agwada nkumachonderera wapolisi. pennock??

13:46 Glenys: mayi ameneyu anaika mwamuna wake m'manda m'mawa, masana ake nkulowa mu ngalande za zonyansa za london kukasaka chinthu cha miyendo 9. salira. sapempha. apolisi amawatcha mbuzi zovala zipewa, pamaso pawo

13:48 Glenys: amangoyang'ana nsapato zako nkukuuza komwe wagona ndi amene wagona naye. palibe amamulipira. amafufuza chifukwa za eni zimamuyabwa ndipo kugonja pa mkangano sakudziwa

13:52 Rufus: ndikumudziwa mayi, ndinamulenga ndine

13:53 Glenys: unamulemba. amene wakhala mkati mwake ndine

13:57 Rufus: omvera atopa naye gogo wa mu 1889 amene salakwitsa kanthu. akufuna amumveko akugwa

13:58 Glenys: nanga zonjenjemerazi wazitenga kuti?

14:03 Rufus: m'mutu mwangamu. mumandiderera?

14:04 Glenys: alun ukuti bwanji iwe?

15:10 Glenys: alun ndikuona kuti wawerenga

17:25 Alun: sory ndinali kwa dokotala wa mano. za kalembedwe ine sindilowerera

17:27 Glenys: tsamba lomalizalo sindiwerenga. ulembenso

17:40 Rufus: ok musavutike. olo ku studio musabwerenso, zimene tili nazo zikwanira

17:41 Glenys: zikwanira bwanji ndisanajambule?

17:58 Glenys: rufus?

Lachisanu, 11 Epulo

10:05 Glenys: ndaimba simukuyankha. mathero tijambula liti?

Lachiwiri, 29 Epulo

12:16 Glenys: muli moyo awirinu?

12:48 Alun: tilipo mayi, tangotanganidwa

12:49 Glenys: mayi? iwe wayamba liti kunditcha mayi?

Loweruka, 17 Meyi

08:00 Rufus: LATULUKA! gawo lomaliza la mayi pennock lili pa app. zikomo nonse awiri, mwandipatsa ulemu waukulu

11:47 Glenys: ▶ uthenga wa mawu 0:09

11:48 Glenys: sindikutha kulankhula. ndingolemba

11:48 Glenys: unati unafufuta

11:51 Glenys: "chonde ndipatseni kanthawi, pakamwa pakukana, chonde musauze munthu." amenewo si mawu a pennock. ndi ine, tsiku lija, ndikulira mu studio. wangoikako phokoso la mahatchi ndi belu la tchalitchi kumbuyo

11:55 Glenys: ndinali kwa mwana wanga carys, tikusenda mbatata. iyeyo ndiye anati tiyatse timvere limodzi. pakati pake wazimitsa, wandiyang'ana manja, wafunsa kuti amayi zinayamba liti

11:56 Glenys: ndinali ndisanamuuze. ndi woyembekezera, watsala mwezi. ndimafuna achire kaye

12:30 Rufus: za carys pepani ndithu. koma mwaona zimene anthu akulemba? nyenyezi 5 zokhazokha

12:31 Rufus: wina akuti analira mpaka anaimika galimoto pambali pa msewu

12:33 Glenys: ena akulemba kuti glenys arkell ali ndi matenda onjenjemeretsa aja a parkinson's. namwino wina wafotokoza bwinobwino mmene wadziwira pongomva mawu

12:35 Rufus: nanga wanama?

12:52 Glenys: uchotse gawolo lero

12:58 Rufus: chojambulidwa mu studio ndi cha kampani, mumadziwa zimenezo. weekend yabwino mayi

Lolemba, 19 Meyi

10:20 Glenys: a mabuku omvetsera andilembera. buku lomwe ndimayenera kuwerenga mu juni lija akuti tiyambe taona kaye. ntchito yokhayo yomwe inanditsalira

10:41 Rufus: chaka chino kaya chamawa akanadziwabe

10:42 Glenys: akanamva kwa ine

10:47 Rufus: ndinene zoona? zaka 12 mwakhala mukungokweza mawu nkumatukwana apolisi. apa mpoyamba kuti munthu akukhulupirireni. ndipo simumasewera nkomwe

10:48 Rufus: ena amapuma ntchito anthu osazindikira kuti achoka. inu muchoka akukukambani

11:15 Glenys: ndalimveranso lonse ndekha. muli chigawo chomwe munalibe mu script yomwe unanditumizira

11:17 Glenys: tapp akuuza wapolisi kuti anapeza pennock akulephera kumanga mabatani a chijasi. akuti pennock anaseka nkunena kuti "bola chikanakhala chifuwa chachikulu, anthu amakubweretsera maluwa"

11:19 Glenys: ine ndinati bola ikanakhala khansa. ndinanena kamodzi kokha, mu januwale, poimika magalimoto pa chipatala, dokotala atangondiuza. ndinauza munthu mmodzi, amene ankandimangira mabataniwo

11:20 Glenys: alun

11:34 Glenys: unaimirira pa maiki nkuwerenga mawu amenewo ndi pakamwa pako. unawawerenga bwino zedi. mawu ako anachita kunjenjemera pang'ono pa "maluwa"

12:02 Alun: glenys ndikuimbire

12:03 Glenys: lemba pompano. rufus naye aone

12:09 Alun: ndinangomutsina khutu rufus kuti akuchepetsere mizere. ndimafuna kukuthandiza. sindinkadziwa kuti zifika apa

12:10 Glenys: unamuuza liti?

12:18 Alun: sindikukumbuka bwino

12:20 Rufus: sabata yomweyo ya chipatala. tinali ku bala, anagula mowa ndi iyeyo, chinthu chosachitika kkkk

12:22 Glenys: nde mu malichi muja unkadziwa

12:24 Glenys: mzere wautali uja wa mayina a mankhwala, unkandibwerezetsa mpaka lilime kuuma. "kamodzinso mayi, mwachangu." unkadikira kuti ndilire

12:27 Rufus: director amadziwa mmene angapezere chimene akufuna. simunayambe mwadandaulapo ndikamachita zomwezo kwa ena

12:28 Glenys: alun unali mu chipinda chinacho ukumva pa headphones. kenako unanditengera kunyumba, unandigulira tchipisi panjira

12:31 Alun: za maiki zija ine sindinavomereze. rufus anachita yekha

12:33 Rufus: eee mkulu musandisenzetse ndekha. munabwera ndi nkhani ya matenda dzanja ili, dzina la sewero latsopano dzanja linalo. "bambo tapp afufuza okha." munachita kulilemba pa kapepala koikapo tambula

12:40 Alun: ▶ uthenga wa mawu 3:12

12:46 Alun: ▶ uthenga wa mawu 1:55

12:47 Glenys: sindimvera. mawu ako ndawamva okwanira sabata ino

13:05 Alun: ok nde werenga. ndili ndi zaka 71. kuyambira gawo loyamba ine ntchito kukomoka, kufunsa mafunso opusa kuti iwe uwoneke wanzeru. pa chikuto dzina langa ngati nyerere. ku misonkhano ya omvera anthu amandipatsa foni kuti ndiwajambule ali nawe

13:07 Alun: ndipo umaseka. umanditcha choimikira zipewa chako pamaso pa anthu

13:08 Alun: unali kuchoka kale glenys. matendawo sindinakupatse ndine. ndimayenera kumira nawe limodzi?

13:30 Rufus: poti tonse talankhula zakukhosi, nkhani yabwino nayi. msonkhano wa omvera wa ku leeds mu julayi matikiti atha dzulo, chifukwa cha inu mayi

13:31 Rufus: tikukonzerani mpando pa stage, osaimirira. mungobwera mmene mulirimo, manja osawabisa m'matumba. anthu akufuna akuoneni

13:33 Rufus: maluwa abweretsa ndithu, muona

Lachitatu, 21 Meyi

09:40 Glenys: ku leeds sindibwera. enawo mukamba ndi loya wa bungwe lathu la azisudzo

09:44 Glenys: alun, ichi ndikuuze ndisanakhale chete. chaka chachiwiri rufus analemba kuti tapp adyedwe ndi chilombo cha mu mtsinje. ankati mawu ako amagonetsa anthu tulo. ndinati akafa tapp nane ndikupita

09:46 Glenys: chaka chachisanu ndi chitatu anayesanso. ankati ukulowa mochedwa pa mizere, wayamba kugontha ndipo ukubisa. usiku wake engineer wa mu studio ankadula malo omwe unachedwa kuti kuchedwako kusamveke. ndinamupempha ndine, ndipo ndinauza onse kuti asakuuze

09:47 Glenys: choimikira zipewa ndinkakutchadi. koma ndinkachigwirira kuti chisagwe

09:48 Glenys: zabwino zonse pofufuza wekha

10:15 Alun: rufus nzoona zimenezi?

10:52 Alun: rufus

15:30 Rufus: zakale zimenezo mkulu. ndili mu meeting

Lachinayi, 5 Juni

11:08 Alun: bwana rufus, za "bambo tapp" zija tijambula liti? agent wondipezera ntchito akuti palibe chomwe chafika

Lachitatu, 18 Juni

14:22 Alun: ndagula headphones zatsopano zamphamvu, ndikumva bwinobwino tsopano. ungondiuza tsiku

14:23 Alun: glenys ndamva kuti carys wachira, mwana wamkazi. mafuno abwino agogo

Lachisanu, 4 Julayi

10:03 Alun: rufus ndaona chilengezo pa tsamba la kampani. "bambo tapp afufuza okha: zaka zaunyamata"

10:04 Alun: dzina lili pamenepo si langa. munthu ameneyu ali ndi zaka 30, ndi wa sewero la apolisi la pa TV uja

10:06 Alun: mwina ine ndikhala wofotokoza nkhani? tapp wokalamba akukumbukira? zimenezo zikhoza kukoma ndithu

10:31 Alun: olo gawo limodzi

11:12 Rufus: pepani mkulu, tinafuna mawu atsopano. maganizo anu aja anali abwino, dzina lanu tilitchula kumapeto pa othokozedwa

11:13 Rufus wachoka mu gulu

11:15 Alun: glenys waona?

11:40 Alun: unanena zoona. nthawi zonse umanena zoona, nchifukwa chake umatopetsa kkk

11:41 Alun: ndikucheza. pepa

14:06 Alun: ndili panja pa nyumba yako. kukugwa mvula. ndingagogode?

14:19 Alun: sindikhalitsa. olo pakhomo pokha

14:37 Alun: ndikukuona pa windo la kukhitchini, wanyamula mwana. foni ili pa tebulo pafupi nawe

14:38 Alun: wandiona eti

14:40 Alun: watseka makatani