Kanema Anathera Pakati pa Mtsinje

Chisepo, Dowa
Juni 1978

Okondedwa achimwene a Dominiko,

Ndati ndimve za moyo wanu, inu ndi alamu ndi ana ku Blantyre kumeneko. Ife kuno tilipo, kungoti chisanu chaluma chaka chino. Kalatayi ndapatsira pamanja a Enoki a m'mudzi muno, poti akubwera kumeneko, za positi sindinafune.

Nkhani ndi ya amayi. Mwezi watha a ku parishi anabweretsa kanema, nakoleka nsalu yoyera pakati pa mabulugamu awiri aja. Amayi ndinawakoka ndine kuti akaone, poti chithawireni mng'ono wanu Bonifasi m'nkhalango, anyamata a chipani akumusaka, amayi sanasekeko.

Kanemayo anali wa azungu a m'tauni amene anasokera m'thengo. Poyamba anali anthu a mataye, opatsana moni. Njala itawapana, mayo ine! Anayamba kulandana nyama yaiwisi, wina mpaka kutolera mnzake mwala. Chizungu sitimachimva, koma kamphepo kamagwedeza nsalu, ndiye mitengo ya m'kanemamo imangoyandama ngati ya ku Ntchisi kukagwa nkhungu.

Panali wina wamng'ono, woyenda mopendekera. Amayi anandifinya dzanja, amvekere Bonifasi uyo. Ndinawauza kuti ameneyo ndi mzungu. Anati ndine mwana, munthu akakhalitsa m'thengo amatuwa.

Mnyamatayo atagwira nsomba, anayamba wasamba m'manja asanadye. Amayi anaimirira, kuuza bwalo lonse kuti lione, wawo sanasanduke chilombo. Anthu anaseka, ine misozi.

Kenaka anzake aja anayamba kumuthamangitsa. Ali pakati pa mtsinje, madzi m'chifuwa, injini ya magetsi inatsokomola n'kuzima. Akuti mafuta anatha. M'mawa mwake makina onse anabwerera ku tauni.

Chiyambire tsikulo amayi amakakhala pansi pa mabulugamu aja, kumangoyang'ana pamene panali nsalu. Nthawi zina amamwetulira, akuti akumva madzi. Chakudya akukana, ati angadye bwanji mwana ali mumtsinje. Chitenje chayamba kuwazungulira kawiri. Ndili ndi mantha, achimwene.

Ndiye chonde, funsani m'nyumba za kanema kwanuko, a Enoki akufotokozerani mmene alili. Mukaonere mpaka kumapeto, musatuluke msanga monga mumachitira ku Misa. Mutilembere kuti anawoloka, anafika kwawo, anakhala pamphasa n'kudya ndi anthu. Ine amayi sandikhulupirira, koma makalata anu amasunga m'buku lawo la mapemphero.

Mukapeza kuti sanawoloke, mumuwolotse ndinu papepalapo. Ine ndidzawawerengera phala lili kale m'mbale.

Mundiperekere moni kwa alamu a Margareta ndi ana onse. Amayi Maria akufungatireni.

Ndine mlongo wanu,
Lusiya