Sikelo Yasunthanso

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni wochokera kuno ku Katawa. Kaya inu muli bwanji ku Joniko, pamodzi ndi alamu ndi ana? Ife tili bwino, kungoti Mzuzu wazizira.

Mumadera nkhawa matenda anga a shuga, ndiye imvani. Nditachepetsa nsima n'kuyamba kuyenda m'mawa uliwonse, thupi linatsika ndithu, kenako linangoima. Miyezi iwiri yathunthu sikelo ya kuchipatala osasuntha. Tsiku lina ndinabwerako ndikulira, nditakumbukira mmene matendawa anawadulitsira mwendo amayi. Ndinatsala pang'ono kusiya zonse.

Amene anandipulumutsa ndi NyaChirwa, mnzanga wa kuofesi. Atandiona ndikuthira shuga mu tiyi anati, "Amama, mumayenda chomene, koma kapu iyi ndi yachinayi lero, masupuni atatuatatu. Nsima mukungoinamizira." Manyazi anandigwira, chifukwa tiyi sindinkamuyesa chakudya. Ndinkangomwera kuzizira.

Shuga ndinamusiya tsiku lomwelo. Sabata yoyamba tiyi ankawawa ngati mankhwala, koma NyaChirwa sananditaye. Anayamba kumandiperekeza m'mawa, n'kumandikweretsa zitunda zimene ndinkazilambalala. Lachisanu lapitali sikelo yatsikanso, ndipo anamwino akuti magazi ali bwino. Nditafika kuofesi ndinangomukumbatira n'kumuthokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo chomene, mwana wa amayi."

Chonde munditumizireko nsapato zoyendera, zangazi zaperepeseka. Diresi ija munalonjeza musagule kaye, saizi imene mukuidziwa si yanganso.

Mulungu akusungeni nonse, ndipo mundithokozereko kwa Iye m'mapemphero.

Ndine mng'ono wanu,
Tiyamike