Dzino la amayi

Lachinayi madzulo, ku Nchalo. Kwatentha koopsa ndipo mtima wanga suli m'malo.

Ndabwerako ku Blantyre kwa dokotala wa mano. Timapulasitiki tanga towongolera mano, tosaoneka ukavala tija, takana kulowa. Anandifunsa kuti ndinasiya liti kuvala. Ndinawauza zoona, kuti chichitikire maliro a amayi ku Makhanga. Ndikanatulutsa bwanji chinthu chamalovu m'kamwa pamaso pa akuluakulu nthawi zonse chakudya chikabwera? Ndinatikulunga m'kansalu. Kenako madzi anadula njira, ndinakhalitsa kumudzi, mano n'kubwerera mwakale.

Adokotala sanakalipe. Akuti timapulasitikiti si ta aliyense, timafuna munthu wovala usana ndi usiku. Komanso dzino langa lakumwamba, lokwera pa linzake lija, n'lamakani, likufunika mawaya. "Mawaya savula, mayi, ngakhale pamaliro," anatero. Anati ndikaganize.

Mawayawo ndinkawathawa poopa kusekedwa kuntchito, munthu wamkulu ngati ine. Koma chikundisautsa lero si chimenecho. Tsiku lomwe tinkabalalika pamaliro ndinaseka pang'ono pa nkhani ina, amayi aang'ono n'kundigwira chibwano. "Tasekanso mwanawe," anatero. "Dzino ili ndi la akulu anga lenileni." Atatero anayamba kulira.

Ndaima pagalasi nthawi yaitali. Chithunzi cha amayi akuseka tilibe. Ankatseka pakamwa akamajambulidwa, monga ndimachitira ine.

Adokotala akufuna yankho Lolemba. Koma ndikaliwongola dzinoli, amayi ndizikawaonera kuti?