Ndinawameta achimwene ngati kasitomala wamba

Aphungu,

Ndine wometa tsitsi, ndipo pakamwa panga sipasowa nkhani. Munthu akakhala pampando wanga, ngakhale wachilendo, pofika pa ndevu amakhala atandiuza kale za apongozi ake. Koma Loweruka lapitali pakamwa pomwepa panandigwiritsa mwala, ndipo mtima wanga sukukhala m'malo.

Achimwene anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu, anapita kunja kukagwira ntchito ine ndikadali pasukulu. Zaka zonsezi tinkangomvana pafoni, zija za "muli bwanji, tili bwino, moni kwa onse." Mayi athu atadwala tinawasamala ine ndi mlongo wathu. Atamwalira, achimwene sanabwere. Anati mapepala awo sanali bwino, akanatuluka sakanaloledwa kubwereranso kuntchito. Ndinawayankha kuti ndamva, koma mumtima sindinamve.

Mwezi watha mlongo wathu anandiuza kuti achimwene akubwera. Aphungu, ndinakonzeka ngati mkwati. Ndinapaka penti shopu yonse, ndinasintha galasi limene linasweka pakona, benchi ndinaikhomanso misomali. M'mutu mwanga zonse zinali zitayalidwa. Adzafika kunyumba kwanga Lamlungu, adzandikumbatira pakhomo, adzanena kuti, "Mphwanga, undikhululukire za mayi, unasenza katundu wolemera." Ine ndidzakhala chete pang'ono kuti ziwalowe, kenako ndidzawakhululukira. Mpaka mawu owakhululukirawo ndinkawayeserera ndikamasesa tsitsi pansi.

Iwo anangotulukira Loweruka masana, kushopu, benchi itadzaza, wailesi ikukuwa mpira. Ndinali pakati pometa mphunzitsi wina wovuta, uja amayeza mzere wa pachipumi ndi chala. Nditakweza maso ndinawaona pagalasi, ataima pakhomo ndi kachikwama m'manja. Ine ndinkayembekeza chimunthu chija chinkandinyamula ndi dzanja limodzi. Amene anaima pamenepo anali bambo wowonda, wa imvi, atavala jekete lowakulira. Ndinadziwa kuti ndikangotembenuka ndilira. Ndipo pabenchi panali madalaivala ena oseka chilichonse, amene akanandiimba nyimbo mpaka chaka chamawa.

Ndiye sindinatembenuke. Ndinalankhula nawo kudzera pagalasi, monga timachitira pantchito yathuyi: "Mwafika, achimwene? Khalani pabenchipo, nditsirize kaye." Anthu anawasendezera, iwo n'kukhala. Anadikira onse amene anawapeza, kachikwama kali pamiyendo. Nthawi yawo itakwana, m'malo mozimitsa mashini ndinakutumula nsalu n'kumenya mpando ndi dzanja. Anadzuka n'kudzakhala. Ndinawamanga nsalu m'khosi n'kufunsa zimene ndimafunsa aliyense: "Timete bwanji?" Anayankha motsitsa mawu kuti, "Mmene ukuoneramo, Chimutu." Limenelo ndi dzina langa laubwana, ndipo ankandiitana choncho ndi iwo ndi mayi basi. Ndinayamba kumeta.

Ndinawameta bwino kuposa aliyense amene ndinamumetapo. Kuseri kwa khutu ndinapeza chipsera chachitali chimene sanachoke nacho kwathu, koma sindinafunse. Ndinakamba za mpira, za kuvuta kwa magetsi, za malezala a masiku ano osachedwa kubuntha. Iwo anangotseka maso. Nditamaliza ndinawapaka sipiliti, ndinawasasa ndi burashi, n'kuwaonetsa kunkhongo ndi kagalasi kam'manja. Anati, "Dzanja uli nalo." Anaima pang'ono ngati pali china choti anene, koma kasitomala wina anali atakhala kale pampando. Anatuluka.

Lamlungu kunyumba sanabwere. Akukhala kwa mlongo wathu, ndipo iye akuti achimwene anangomuuza kuti, "Mnyamata uja ndi wotanganidwa, tisamuvutitse." Akubwerera kuntchito kumapeto kwa sabata ino, ndipo palibe akudziwa kuti adzabweranso liti.

Chichokereni tsiku limenelo sindikukhazikika. Dzulo mashini analowa kwambiri m'mutu mwa wapolisi wina, mpaka tinangogwirizana zometa mpala. Ndimalemba uthenga pafoni n'kufufuta. Ndinafika mpaka pamsewu wa kwa mlongo wanga, nditaona jekete lija lili pachingwe ndinabwerera. Pena ndimawamvera chisoni, pena ndimapsa mtima. Wamkulu ndi iwo, amene anasowa pamaliro ndi iwo, bwanji osayamba iwowo? Mkazi wanga akuti ndikuzungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira.

Ndipite, kapena ndidikire abwere ndi mawu amene ndakhala ndikuwadikira? Ndikuopa kuti ndikapita ndikangolira osanena kanthu, ndipo nkhani ya mayi ikathera pomwepo ngati sinandipweteke.

L.C., m'tauni

A L.C.,

Pitani. Ndayamba ndi yankho chifukwa mukhoza kuwerenga izi muli chiimire, ndipo masiku akuthawa.

Inu mwaona kuti achimwene anu sanapepese. Ine ndaona zina. Munthu amene munkamuyembekeza Lamlungu analephera kudikira, anakutsatani kuntchito. Anakhala pabenchi kudikira nthawi yake osadandaula, ngati wopalamula. Anakuitanani dzina limene ankakuitanani mayi anu. Kodi mukuganiza kuti anabwera chifukwa komwe amakhalako kulibe ometa? Nayenso anali ndi mawu ake amene anayeserera m'njira yonse, ndipo anawameza atamva za malezala. Tsikulo amantha munalipo awiri.

Ndikuuzeni mosabisa: munalemba sewero lonse, mbali yanu ndi yawo yomwe, popanda kuwapatsa pepala. Atalowa mosiyana ndi mmene munalembera, munathawira m'ntchito. Sindikukudzudzulani kwambiri. Kumeta kuja kunali chikondi ndithu, manja anu ananena zimene pakamwa panakana. Vuto ndi lakuti iwo anamva kuti ndinu wotanganidwa, ndipo akulongedza katundu akukhulupirira zimenezo.

Mawa m'mawa musatsegule shopu. Makasitomala sadzafa ndi tsitsi la tsiku limodzi, ndipo mmene dzanja lanu likuchitiramu, apolisi ena apulumukirapo. Uthenga wautali wa pafoni usiyeni. Ingomuuzani mlongo wanu kuti mukubwera, awagwire asatuluke, ndipo mukafika iye akhale ndi zochita kwina. Musatenge mashini, musatenge mphatso, musatenge mkazi wanu kuti azikulankhulirani. Ngati kukhala pabalaza moyang'anizana kukukulemerani, apempheni muyende pang'ono. Anthu ambiri amamasuka miyendo ikamayenda.

Mawu oyamba akhale aafupi, oti simungawaiwale: "Achimwene, Loweruka lija ndinachita mantha. Ndinakusowani." Mukalira, lirani. Palibe mlandu umene umatha chifukwa mwini wake wagwetsa misozi. Mudzapukuta n'kupitiriza.

Za mayi muzinene ndithu, chifukwa mukazikwirira zidzakudyani zaka zina zambiri. Koma muwauze zimene inu munadutsamo: mmene zinalili kuchipatala, amene anakugwirani dzanja kumanda, mmene munkayang'anira kumsewu ngakhale munkadziwa kuti sabwera. Mukatero muwafunse kuti tsiku limenelo iwo anali kuti, ndipo anali ndi ndani. Mwina mudzapeza kuti analira okha m'kachipinda, popanda ngakhale wowapepesa. Funsaninso za chipsera chija. Munthu akabwera wowonda ndi waimvi kuposa msinkhu wake, pali zimene sankanena pafoni, ndipo mwina zina ndi zoti mudziwe msanga.

Zoti wamkulu ndiye ayambe, zisiyeni. Iwo anayamba kale pamene anaima pakhomo lanu. Ulendo uno ndi wanu.

Chenjezo langa ndi ili. Musapite ndi sewero lachiwiri. Mwina sadzakukumbatirani. Mwina mawu oti "undikhululukire" sadzatuluka mmene mukuwafunira, adzangoyang'ana pansi n'kufunsa ngati mayi anawatchulapo asanatsirizike. Mwina mudzabwerako mukumva kuti zangotheka theka. Landirani thekalo, zaka zonsezi sizingathe pa ulendo umodzi. Chimene simuyenera kulola ndi chakuti anyamuke zinthu zili chonchi. Zonse zokoma za achimwene anu mwandiuza ine, munthu amene simukumudziwa n'komwe. Iwo sanamvepo ngakhale liwu limodzi.

Aphungu